Bala la Kunja Linapola Msanga

Atadzuka pamsewu paja, choyamba chimene achimwene anachita n'kukangana ndi wakabaza za ndalama. Amene analipo amati anadzuka okha, anasasa fumbi pathalauza, n'kuyamba kunena kuti iwo salipira ulendo wosafika. Anthu anaseka. Munthu woti akulimbana ndi nkhani ya chenji angakhale atavulala kwenikweni? Wina anawathira madzi kumutu, wina anathamanga kukawagulira Fanta, mnyamata wina anawatolera foni m'ngalande. Pasanathe theka la ola gulu linali litabalalika, aliyense akuti Mulungu ndi wamkulu, bambo aja apulumuka.

Linali Lachisanu madzulo, m'mwezi wa Juni. Ankachokera kushedi kwawo ku Mchesi, kumene akhala akupala matabwa kwa zaka zoposa 15, kulowera kunyumba ku Area 36. Galu anadutsa mwadzidzidzi, wakabaza anagwira mabuleki pamchenga, njinga inaterereka. Woyendetsayo anali ndi helemeti. Achimwene analibe, ndipo sindiwaimba mlandu, poti inenso ndakwera kabaza kambirimbiri mutu uli pamtetete. Helemeti ya pasenjala ikapezeka imakhala yonunkha thukuta la eni, lamba wake ataduka kalekale, ndipo ife amayi timayamba taganiza za meshi imene talukitsa dzulo. Anamenyetsa mutu pamwala, kumanja, pamwamba pa khutu. Anakomoka pang'ono chabe, mwina mphindi imodzi kapena ziwiri. Pakachipatala kena kapafupi anawasoka bala, kuwapatsa panado, n'kuwauza kuti adzabwere Lolemba kudzatsukitsa.

Za usiku umenewo ndinamva kwa alamu, akazi awo. Andifotokozera kangapo, nthawi zonse mofanana, ngati munthu amene akubwerera m'mapazi ake kufuna pamene anagwetsa ndalama. Atafika anafunsa kuti foni yawo ili kuti. Anawauza kuti ili m'thumba lawo lomwelo. Patapita kanthawi anafunsanso. Anafunsa kasanu, mpaka ana anayamba kuseka, akuyesa atate awo akuchita nthabwala. Nsima anangotema kawiri n'kusamba m'manja, akuti mutu. Cha m'ma 8 koloko anasanza. Cha m'ma 10 anasanzanso, akuti m'mutu muli ngati wina akukhomamo msomali. Alamu anawawonjezera panado, anagona. Pakati pa usiku alamu anadzidzimuka ndi mkonono umene sanaumvepo chilowereni m'banja, wokoka, wodukizadukiza. Atawagwedeza anatsegula maso, kuyankhula zosamveka, n'kutsekanso. Dzanja lamanzere atalikweza linangogwa ngati chinsanza.

"Alamu, bwerani msanga. Achimwene anu sakundiyankha bwino."

Chimene chinkachitika m'mutu mwawo maola onse aja ndinadzachimvetsa mochedwa. Ubongo ndi wofewa ngati peyala lakupsa, kulemera kwake sikufika kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo umayandama m'timadzi mkati mwa chigaza. Chigaza cha munthu wamkulu sichifutukuka. Mwendo ukatupa uli ndi kolowera, ubongo ulibe. M'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu, fupa ndi lopyapyala, ndipo pansi pake penipeni pamadutsa mtsempha wa magazi. Fupalo likang'aluka limatha kudula mtsemphawo. Magazi amayamba kudzaza pakati pa fupa ndi chikopa chokuta ubongo, munthu akuyenda, akuseka, akukangana za chenji. Akachuluka amaukankha ubongo, ndipo zikafika pamenepo zinthu zimathamanga. Nthawi yonyenga imeneyi madokotala amaitcha lucid interval, ndipo sisankha osauka okha. Mu Malichi 2009 katswiri wa zisudzo wa ku Britain, Natasha Richardson, anagwa akuphunzira kutsetsereka pachipale ku Canada. Anadzuka akuyankhula bwinobwino, anabweza thandizo loyamba, ndipo patatha masiku awiri anamwalira ndi magazi oundana a mtundu womwewu.

Galimoto tinapempha ya aneba. Tinafika kuchipatala chachikulu tambala woyamba asanalire. Namwino anawaunika m'maso ndi katochi ine ndili pambali, ndipo ndinaona ndekha kuti kamwana ka diso lakumanja kakula, kali bii, pamene ka kumanzere kali kakang'ono. Anawafunsa dzina, anawafunsa kumene ali, anawauza kuti afinye zala zake, anawatsina pachikhadabo. Kenako anauza mnzake nambala: 10. Ine ndinkayesa ndi nambala ya bedi. Unali muyeso wa mmene munthu alili maso, wotchedwa Glasgow Coma Scale, umene madokotala awiri a ku Glasgow, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett, anautulutsa mu 1974. Amaona ngati munthu akutsegula maso, ngati akuyankhula zomveka, ndi mmene akugwedezera ziwalo. Wabwinobwino amapeza 15, wokomokeratu amapeza 3, ndipo kuyambira 8 kutsika m'munsi ndiye kuti zavutitsitsa. Chimene anamwino amachiopa koposa ndi nambala imene ikutsika, n'chifukwa chake amabwera ndi katochi kaja usiku wonse, ife agadiyani n'kumadandaula kuti akusokoneza tulo ta wodwala. Ndinanyadira mwachibwana nditamva kuti palinso Blantyre Coma Scale, muyeso wa ana aang'ono osatha kuyankhula, umene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anaukonzera ana odwala malungo a muubongo ku Queens m'zaka za m'ma 1980. Koma imeneyo ndi nkhani ina.

Makina ojambula mkati mwa mutu, a CT scan, anaonetsa chinthu choyera chooneka ngati ndimu chitatsamira fupa. M'mawa womwewo analowa kuthiyeta. Anatsegula chigaza, anachotsa magazi oundana, anatseka mtsempha. Tinali ndi mwayi umene ambiri alibe: tinali mumzinda, aneba anali ndi mafuta m'galimoto, makina analipo, ndipo dokotala wa opaleshoni ya ubongo, anthu amene m'dziko muno ndi owerengeka pa zala, anapezeka. Ndimaganiza za munthu wogwa chimodzimodzi ku Nthalire kapena ku Makanjira, kuti angamutengere maola angati asanafike pamene pali makina amenewa. Masabata atatu a ugadiyani sindiwafotokoza, aliyense amene anagonapo pansi pa bedi la m'wodi amawadziwa. Ndingonena kuti pamabedi oyandikana nafe ambiri anali anyamata a njinga zamoto, ena oyendetsa, ena okwezedwa. Wakabaza wathu uja anabwera tsiku lachinayi atanyamula paketi ya shuga, anaima kumiyendo kwa bedi osanena kanthu, helemeti ili m'manja.

Alamu amadziimba mlandu mpaka lero chifukwa cha panado wa 10 koloko uja. Ine ndimawauza kuti panalibe amene anawauza choti ayang'anire. Malangizo amene amuna awo anabwera nawo anali a bala lokha. N'chifukwa chake masiku ano ndasanduka wovuta. Ndikamva kuti wina wagunda mutu, kaya mwana wagwa mumtengo wa mango, kaya wina wamenyedwa ndi botolo kumowa, kaya anyamata agundana mitu pampira, ndimafunsa ngati wapolisi. Anakomoka, ngakhale pang'ono? Akukumbukira zimene zachitika, kapena akungobwereza funso limodzi? Wasanza kangati? Mutuwo ukuchepa kapena ukukulirakulira? Ukamudzutsa akudzuka n'kukuzindikira? Ndikamva zoti wagwa ngati wakhunyu, mkono kapena mwendo wafooka mbali imodzi, lilime likukoka, maso akuona ziwiriziwiri, m'khutu kapena m'mphuno mukutuluka magazi kapena timadzi toyera, kapena wada kuzungulira maso onse awiri ndi kuseri kwa khutu, sindidikira kuti kuche. Anthu amati wogunda mutu asagone. Angathe kugona ndithu, bola pakhale wina wosagona, womudzutsa kangapo usiku woyambawo. Asipirini ndi bulufeni ayi, chifukwa amachedwetsa magazi kuundana, panado yekha. Mowa ayi, chifukwa umaphimba zonsezi, ndipo woledzera amene wagwa ndi amene timamusiya pakhonde kuti mowa umuthere, m'mawa n'kupeza wazizira. Ndipo wapangozi asanyamulidwe ngati thumba la chimanga khosi likugwedera, poti chimene chamenya mutu chimatha kuthyolanso khosi.

Pali mtundu winanso wochenjera kuposa umenewu, umene umakonda okalamba ndi akumwa kwambiri. Agogo aterereka kubafa, agunda mutu pang'ono, aliyense aiwala. Timitsempha tating'ono timangodontha pang'onopang'ono, ndipo patatha masabata atatu, asanu, ngakhale miyezi iwiri, agogo ayamba kusokonezeka, kudzandira, kukodza pogona, kusochera pamudzi pawo pomwe. Timati ndi ukalamba. Pena timanena choipa kuposa pamenepo, ndipo tonse tikudziwa zimene zimawachitikira agogo opezeka m'bandakucha pakhomo pa eni akuyankhula zosamveka. Chonsecho ena mwa iwo akanachira ndi kabowo kakang'ono koboola pachigaza kuti magaziwo atuluke.

Tsiku lotuluka m'chipatala dokotala anati, "Opaleshoni yayenda bwino, koma ubongo umachira mochedwa. Muwapatse nthawi." Ife tinamva mbali yoyamba yokha. Kunyumba kunaphedwa nkhuku ziwiri. Lamulungu lotsatira anaimirira kutsogolo kutchalitchi, alamu akupereka umboni, amayi akululutira. Ankayenda okha, ankadya okha, dzanja lamanzere linali litabwerera mphamvu. Tsitsi litamera ngakhale chipsera chinabisika. Aliyense wokumana nawo ankati, "Koma ndiye mwachiratu, ngati simunagwe n'komwe."

Zinayambira pa ndiwo. Anayamba kudandaula kuti alamu asiya kuphika bwino: nyemba zosakoma, chambo ngati thonje, tiyi ngati madzi otentha chabe. Ankathira mchere mpaka ana kulephera kudya nawo mbale imodzi. Tsiku lina nyemba zinapserera pambaula iwo atakhala pafupi pomwepo, utsi uli tolotolo, osamva kanthu. Kushedi anasiya chitini cha guluu chotsegula tsiku lonse m'kachipinda kotseka, anyamata akutsokomola, iwo akudabwa kuti chavuta n'chiyani.

Kenako ntchito. Munthu amene ankayang'ana khomo kamodzi n'kudziwa kukula kwa chitseko anayamba kuyeza thabwa, kutembenuka kuti atenge sowo, n'kuiwala muyeso. Manja ankakumbukira zonse, kupala, kulumikiza, kukhoma. Chinasowa ndi dongosolo, kuti chiyambe n'chiti, chitsatire n'chiti. Mipando itatu yoyambidwa, womalizidwa palibe. Analandira dipoziti ya kabati kwa mayi wina n'kuiwaliratu, ndipo mayiyo atabwera patatha mwezi anamukana pamaso pa anthu kuti sanamuonepo. Mbiri inawanda kuti mmisiri uja wayamba kuba. Ikamakwana 11 koloko m'mawa ankakhala atatheratu, n'kugona pabenchi pakati pa utuchi. Amayi athu, amene anabereka munthu wosadziwa kukhala pansi, anati mwana wawo anazolowera kudyetsedwa kuchipatala, wayamba ulesi.

Koma chimene chinatipweteka ndi pakamwa ndi mtima. Achimwene anali munthu wofatsa, moti ngakhale ine, amene ankandibereka kumsana ndili khanda, chikwatiwireni ankanditchula kuti achemwali. Tsopano zinali "iwe" kwa aliyense, ndi kwa apongozi omwe. Pamaliro ena anauza mayi wina mokweza kuti wanenepa ngati nkhumba, n'kuseka okha anthu onse atawerama. Phokoso linkawalasa: wailesi ikamalira, ana akusewera, mapoto akugundana, ankangophulika. Wailesiyo anaiswa. Anamenya kamnyamata kawo ka zaka 6 chifukwa chogwetsa supuni, munthu amene sanakwezepo dzanja pa mwana. Pakatha mphindi khumi ankakhala ngati palibe chachitika, akudabwa kuti bwanji m'nyumba muli duu. Kamnyamatako kanayamba kudyera kukhitchini, ndipo kakamva mapazi a atate ake pakhonde kankalowa kuseri kwa chitseko. Masiku ena ankangokhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, osafuna kanthu, osakwiya, osasangalala. Alamu amati masiku amenewo ndiwo ankawaopsa koposa.

Apa ndiulule mbali yanga. Alamu atabwera kwanga akulira, ndinawauza zimene akazi timauzana: banja n'kupirira, mwamuna wadwala, musamawayankhe. Mumtima ndinkaganiza kuti mwina iwowo ndi amene atopa ndi mwamuna wosabweretsa ndalama. Ndinali kumbali ya magazi anga. Nkhani inafika kwa ankhoswe. Amalume anabwera kuchokera ku Mitundu, akuchikazi anabweranso, anakhala pamphasa Loweruka lonse. Alamu anafotokoza zonse. Achimwene anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, modekha ndithu, "Zonsezi n'zabodza. Ine ndili bwinobwino. Mkaziyu ndi amene wasintha." Ndipo sankanama. Mbali ya ubongo imene imathandiza munthu kudziona mmene alili ndi yomweyo imene inavulala, ndiye kumufunsa mwini wake ngati wasintha kuli ngati kuuza diso kuti lidziyang'ane. Ankhoswe anagamula kuti onse awiri azilemekezana. Anapemphera, anadya nsima, anapita.

Amalume ndiwo anatsalira, ndipo madzulo anandiitanira kuseri kwa nyumba. "Tandiuza, mwanawe. Galu anadutsa uja, alipo anamuonanso?" Maganizo awo anali oti kushedi kuli anthu a nsanje, maoda ankachulukira munthu mmodzi, ndipo galu uja sanali galu. Amalume sindiwaseka. Ankaona chimene tonse tinkaona: nkhope yomweyo, mawu omwewo, bala lopola, koma mkatimo muli wina. Chichewa chathu chili ndi mawu ambiri a zoterezi, kulodzedwa, kuzungulira mutu, misala, mizimu, ndipo lililonse mwa mawu amenewa lili ndi khomo lokagogoda. Mawu oti ubongo unavulala ndipo ukadali wovulala ndiwo tinalibe. Anapita nawo kwa sing'anga, anatemedwa mphini m'mbali mwa chipsera chomwecho, mbuzi inapita. Ena opemphera anabwera ndi mafuta odzoza ndi kusala kudya kwa masiku atatu, kumene kunangowonjezera mutu ndi ukali.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri chichitikireni ngozi anagwa kushedi. Anauma thupi lonse, kenako kuphupha, thovu kukamwa, mkodzo. Anzawo ambiri anabwerera m'mbuyo, poti timakhulupirira kuti thovu la wakhunyu limapatsira, lomwe ndi bodza. Wina ankafuna kuwalowetsa supuni m'kamwa, zimene zimangothyola mano. Mnyamata wawo wophunzira ntchito ndiye anachita zoyenera osadziwa n'komwe: anakankhira kutali matchizulo ndi macheka, anawaika jekete kumutu, ndipo kuphupha kutatha anawagoneka chammbali. Chipsera cha paubongo chimatha kuyambitsa matenda a khunyu patatha miyezi ngakhale zaka, makamaka ngati kuvulala kunali kwakukulu.

Kugwa kumeneku, ndinene mosabisa, n'kumene kunatithandiza, chifukwa kunatibwezera kuchipatala. Dokotala wachinyamata amene tinamupeza atalemba mankhwala anasiya wodwala, n'kutembenukira kwa alamu. "Mayi, chichitikireni ngozi ija, bambowa ndi omwe aja munkawadziwa?" Alamu anatsegula pakamwa, mawu osatuluka, kenako analira kulira kumene sanalire ngakhale usiku wa opaleshoni. Miyezi yonseyi panalibe amene anawafunsa funso limenelo. Tonse tinkafunsa kuti, "Akupeza bwanji bambo?" tikutanthauza bala.

Anatenga chithunzi chakale chija n'kutionetsa timadontho kutsogolo, kuseri kwa chipumi, kutali ndi pamene panagunda mwala. Anati mutu ukaima mwadzidzidzi ubongo umapitiriza ulendo, umagunda fupa mbali iyi n'kubwerera kukagunda mbali inayo, ndipo pamwamba pa maso, pamene ubongo umakhazikika, fupa ndi lokakala ngati khoma losapaka pulasitala. Kutsogoloko ndi kumene kuli mabuleki a munthu: kudziletsa, manyazi, kukonza dongosolo, ngakhale mphamvu yongoyamba chinthu. Timitsempha ta fungo timadutsa m'timabowo ta fupa pamwamba pa mphuno, n'toonda ngati ulusi ndipo sitichedwa kuduka. Fungo likapita, kukoma kwa chakudya kumapita nalo, kumangotsala mchere, shuga, kuwawa ndi kuwawasa. Ndiwo za alamu zinalibe mlandu. Anatinso pali kuvulala kwina, kwa timinyewa totumiza mauthenga tikakokeka mkati mwa ubongo, kumene nthawi zambiri sikuoneka pa CT, moti munthu akhoza kuuzidwa kuti chithunzi chili bwino iye asali bwino. Za kugona pabenchi kuja anati ntchito imene kale ubongo unkaigwira mosavutikira tsopano ukuigwira mokakamiza, ngati lole yokwera Khwekhwerere itasenza simenti. Ikafika pamwamba iyenera kuima kuti izizire.

Usiku umenewo ndinafufuza pa intaneti ndipo ndinakumana ndi Phineas Gage, kapitawo wa okonza njanji ku Vermont, ku America. Mu 1848 wonga wophwanyira miyala unaphulika n'kuponya chitsulo chotalika kuposa mita imodzi, chimene chinalowa patsaya lake lamanzere n'kutulukira pamwamba pa mutu. Sanafe. Anayankhula, bala linapola, koma dokotala wake, John Harlow, analemba kuti munthu wodalirika uja anasanduka wamwano, wosaugwira mtima, wosakhazikika pa chinthu chimodzi, moti anzake ankati si Gage uja ayi. Ambiri nkhaniyi amaithera pamenepo. Ine chinandigwira n'chotsatira chake. Patapita zaka Gage anakagwira ntchito yoyendetsa ngolo za akavalo zonyamula anthu ku Chile, ntchito yofuna kudzuka nthawi yake, kusamala nyama ndi kukhala bwino ndi apaulendo. Anamwalira mu 1860 atayamba kugwa khunyu. Ena ofufuza amati ntchito ya ndondomeko yomweyomweyo tsiku ndi tsiku ndi imene inamuthandiza kubwerera pakati pa anthu. Ndime imeneyo ndinaiwerenga katatu.

Zimene tinachita si zapamwamba. Kope la ana a sukulu limakhala m'thumba la ovolosi yawo: muyeso uliwonse, dzina la kasitomala, tsiku lolonjeza, zonse zimalembedwa nthawi yomweyo, ndipo dipoziti imalowa pafoni ya alamu. Oda imodzi ithe isanayambe ina. Makina odulira amagwira ndi mnyamata uja, chifukwa munthu wogwa khunyu sayandikira mpeni wozungulira, sakwera padenga, sakhala yekha pafupi ndi moto. Masana amagona ola limodzi popanda wowanena, ndipo amayi ndi amene anavuta kuwamvetsetsa zimenezi kuposa wina aliyense. Mowa, umene kale ankalawa Loweruka, unalekeka. Mankhwala a khunyu m'mawa ndi madzulo osadumphitsa, ndipo mwezi umene asowa timasonkherana kukagula kufamase. Kutchalitchi amakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, kuti zoimbira zikakwera atuluke. Ana anaphunzira kuti atate akagwira pachipumi wailesi izimitsidwe. Alamu anaphunzira kusatsutsana nawo moto uli lawilawi. Koma tinagwirizananso, pamaso pa ankhoswe omwe aja, kuti dzanja likadzakwezedwanso pa iwo kapena pa mwana, atenge ana abwere kwanga usiku womwewo. Kudziwa kumene ukali ukuchokera sikutanthauza kuti mwana azimenyedwa.

Papita zaka ziwiri ndi miyezi ingapo. Sindikufuna kuti mayi aliyense amene mwana wake watupa pachipumi asowe tulo: ambiri ogunda mutu pang'ono amachira m'masabata ochepa, bola apume ndipo asagundenso asanachire, nkhani imene aphunzitsi a mpira ayenera kuimva asanabwezere mnyamata wachizungulire m'bwalo. Ovulala kwambiri amasintha msanga m'miyezi yoyambirira, kenako pang'onopang'ono kwa zaka. Achimwene ukali unachepa, kuiwala kukadalipo, ndalama zimene amapeza sizifika theka la kale. Mayi wa kabati uja tinamubwezera zake, koma makasitomala ena sanabwererenso. Ine ndinagula helemeti yangayanga, ndimayenda nayo m'chikwama chachikulu, ndipo akabaza a pasiteji yathu amandiseka kuti mayi a chipewa afika. Akatswiri atasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana anapeza kuti helemeti imachepetsa kuvulala m'mutu ndi pafupifupi 69 pa 100 alionse, ndipo imfa ndi 42 pa 100. Koma ikhale yomanga lamba, chifukwa yongoika pamutu imayamba kuuluka mwini wake asanafike pansi.

Alamu tsopano amagulitsa kaunjika. Tsiku lina tikuchapa anandiuza kuti bambo amene ali nawowa amawakonda, koma pena amawasowa aja ananyamuka kupita kuntchito Lachisanu lija, ndipo alibe kokalirira chifukwa maliro awo sanachitike. Sindinawayankhe. Ndinali nditawayankha kale zolakwika zambiri.

Mwezi watha ndinadutsira kushedi kukatenga kampando ka mwana wanga. Ndinawapeza atanyamula thabwa la paini, akulitembenuza, akuligogoda ndi chala. Analifikitsa kumphuno monga ankachitira kale pofuna kudziwa ngati lauma, anakoka mpweya, anaima pang'ono. Kenako anandipatsira.

"Achemwali, tanunkhizani. Lauma ili?"

Linkamveka utomoni, laliwisi ndithu. Ndinawauza. Anatulutsa kope, analemba tsiku, n'kukaliimika kukhoma padzuwa, pambali pa ena atatu amene mnyamata uja anawanunkhizira dzulo lake.